Pamene Tinkagulitsa Mayunitsi

Pamene kampani ya Celtel inkayamba ntchito zake m'Malawi muno m'chaka cha 1999, dziko lathu linali ndi anthu pafupifupi 10 miliyoni, koma mafoni a nthambo sankakwana ndi 50,000 omwe. Ochuluka anali m'maofesi a boma ndi m'makampani a ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Kwathu kuno ku Dowa, pa kamsika kamene ndakhala ndikugulitsapo sopo, mchere ndi palafini kuyambira tsitsi langa lili lakuda, lamya tinkaidziwira ku positi ofesi, ku polisi ndi kwa ansembe ku mishoni. Munthu akatisiya, mnyamata ankapalasa njinga usiku kukauza abale. A kutali ankamvera pa wailesi ya MBC nthawi ya mauthenga achisoni, ndipo ena ankafika mwambo utatha, n'kungolozeredwa mtumbira.

Foni ya m'manja inali itafika kale. TNM inakhazikitsidwa mu 1995, pa mgwirizano wa bungwe la boma loona za mapositi ndi matelefoni la MPTC ndi kampani ya Telekom Malaysia. Koma m'zaka zoyambazo inali foni ya mabwana, anthu a maofesi ndi a keyala yodziwika, oti bilu ikawapeza pakutha pa mwezi. Ndikukumbuka mkulu wina wogula mbewu amene ankabwera pa msika pathu atamangirira chifoni chake pa lamba, m'kachikwama kachikopa. Kuno sichinkagwira, netiweki kunalibe, komabe jekete ankalikankhira kumbuyo kuti tonse tichione. Ndipo tinkachionadi.

Lero agogo anzanga amene satha kulemba dzina lawo ali ndi foni yomangirira pa nsonga ya chitenje. Ophunzira akamalongosola momwe tinafikira pamenepa amatchula makina, ukatswiri ndi ndalama za mabanki akunja, ndipo sanama. Ine ndinazionera kuseri kwa kauntala. Chimene ndinaona n'chakuti kampani yaikulu ija ya Celtel inakula chifukwa inadzichepetsa n'kuyamba kuchita malonda momwe timachitira ife a magolosale.

Mwini maganizowo anali Mo Ibrahim, injiniya wobadwira ku Sudan, amene anagwirapo ntchito ku British Telecom asanayambe zakezake. Mu 1998 anakhazikitsa kampaniyo kuti izimanga netiweki ya mafoni a m'manja m'maiko a mu Africa. Iye mwini wakhala akufotokoza kuti mabanki ambiri ankamukana ngongole, ati anthu a kuno ndi osauka ndipo maboma ndi a ziphuphu. Pa za ziphuphuzo anaika lamulo loti ndalama iliyonse yoposa madola 30,000 isatuluke popanda chilolezo cha bodi, kuti bwana wa kampani m'dziko lililonse akapanikizidwa ndi nduna akhale ndi pothawira. Pa za umphawi, amabankiwo ankaganiza kuti kasitomala ndi munthu wolandira malipiro pa mwezi. Kwathu kuno anthu otero ndi aphunzitsi, azaumoyo, alangizi ndi apolisi, basi. Otsalafe ndalama imatipeza mwa apo ndi apo: lero wagulitsa nkhuku, mawa wagwira ganyu, ya fodya udikire mpaka msika utsegulidwe. Nyumba zathu zilibe nambala, ndipo chiphaso cha unzika chinachita kubwera mu 2017. Bilu ukanaitumiza kuti? Wokana kulipira ukanamugwirira pati?

Yankho linali kulipiriratu. Njirayi inalipo kale m'maiko ena, koma Celtel inaiika patsogolo pa zonse. Kakhadi kakang'ono, kumbuyo kwake kamzere kotuwa. Upala ndi chikhadabo kapena ndi kandalama kachitsulo, manambala aonekera, uwalowetsa m'foni. Kampani yatengeratu zake, iwe ulankhula kufikira pomwe ndalama yako yathera, ndipo palibe amene akusungira mnzake mangawa. Chinanso chimene anthu amaiwala n'chakuti wolipira anali woimba, wolandira ayi. Mayi wa kumudzi ankatha kukhala mwezi wathunthu foni ilibe ngakhale yuniti imodzi, koma mwana wake wa ku Blantyre n'kumamupeza Lamulungu lililonse. Kwa kampani, mayi ameneyo sanali katundu wolemetsa. Ndiye chifukwa chimene mwana uja ankagulira mayunitsi.

Amene anakhalapo m'tauni mwezi uli pakati amaudziwa wokumani, kaufa ka m'pepala la pulasitiki kokwana nsima ya usiku umodzi. Ukawerengera bwino, wogula wokumani amalipira zambiri kuposa wogula thumba lathunthu, koma ya thumba alibe, ndipo ana ayenera kudya lero. Mayunitsi anadzera njira yomweyo. Makhadi oyamba anali okwera mtengo, ndipo mitengo inkawerengedwa m'madola a ku America, moti kwacha ikagwa ife tinkadzuka tikufotokozera makasitomala zinthu zimene ngakhale ifeyo sitinkazimvetsa bwino. Zaka zikupita, makhadi anayamba kuchepa msinkhu mpaka tinafika pa a K100 ndi a K50. Khadi likamachepa, ogula ankachuluka. La ndalama zambiri linkagona m'kabati mpaka kuchita fumbi, pomwe ting'onoting'ono tinkatha dzuwa lisanapendeke. Mayi wogulitsa mandasi ankabwera m'mawa kudzagula kamodzi, madzulo malonda akayenda n'kudzagulanso kena. Munthu yemweyo ukanamuuza kuti alipire zonse za mwezi pakamodzi akanakuseka.

Kenaka anayamba kuwerengera pa sekondi m'malo mwa mphindi yathunthu, ndipo Amalawi tinaphunzira chinthu chimene makolo athu sanatiphunzitse, kulankhula kopanda malonje. Ife amene tinaleredwa kuti uyambe wafunsa za kunyumba, za ana, za mvula ndi za odwala usanatchule chimene wadzera, tinayamba kumva mwana akuuza bambo ake omubereka kuti, "Bambo, ndafika bwino, azakhali ali bwino, ndikudula." Afumu athu a nthawi imeneyo anabwera pa golosale tsiku lina nkhope ili gwa. "Mwana uja wandidula pakamwa," anatero, "ndinali ndisanamufunse ngakhale za mtengo wa feteleza." Tinawatonthoza kuti vuto si mwana koma mayunitsi. Patapita nthawi, iwonso anali katswiri wodula anzawo.

Ndiye panali kufulasha. Uimba, ikangolira kamodzi, udula. Kunali ndi malamulo ake amene palibe anawalemba koma aliyense ankawadziwa. Wa kumudzi amafulasha wa ku tauni, ndipo wa ku tauni ndiye aimbe. Mwana wa sukulu amafulasha atsibweni ake. Mtsikana akhoza kufulasha mnyamata womufunsira, koma mnyamata wofulasha mtsikana amene akumufuna ankasanduka nkhani ya pa chitsime. Mkamwini kufulasha apongozi, ameneyo ndiye anali mlandu wofunika ankhoswe. Ena ankapangana kuti ikalira kamodzi ndiye kuti ndafika bwino, ikalira kawiri ndiimbireni msanga. Munthu akanayembekezera kuti kampani iletsa khalidweli, popeza limadzaza netiweki popanda kulowetsa tambala. Sinaletse. M'malo mwake inabweretsa kauthenga kaulere kopempha mnzako kuti akuimbire, ndi njira yogawirana mayunitsi kuchokera pa foni ina kupita pa ina, ija ankaitcha Me2U. Anazindikira kuti wopanda ndalama akakodola, mwini ndalama amaimba, ndipo zake zimalowabe.

Nsanja isanamangidwe pafupi, netiweki tinkachita kuisaka. Kuseri kwa sukulu kunali chulu chimene foni inkagwirapo timizere tiwiri. Madzulo pachulupo pankadzaza anthu, aliyense dzanja m'mwamba, ndipo zinsinsi za mabanja ambiri zinamvekera pamenepo, pakuti netiweki ikafooka munthu amakuwa osadziwa. Tinkadziwa amene mwana wake wamangidwa ku Joni, amene akufunsa ndalama ya chigayo, ndi amene akunamiza akazi awo kuti ali ku Kasungu pomwe ali pa chulu.

Tsiku lina kunabwera anthu ovala zipewa zolimba, anakhala pansi ndi afumu kukambirana za malo, kenaka malole anatsitsa zitsulo. Pa ntchito imeneyi ndimawapatsa ulemu, chifukwa apa m'pomwe malonda awo anasiyana ndi athu. Nsanja imafuna magetsi usana ndi usiku, ndipo kumene ESCOM sinafike, kapena kumene magetsi ake ankathimathima, kampani inkabwera ndi jenereta yakeyake. Jenereta imafuna dizilo, dizilo amafuna galimoto, galimoto imafuna msewu, ndipo msewu wathu m'dzinja mumaudziwa. Pamwamba pa izo pamafunika mpanda ndi mlonda. Ndalama zonsezo ankazikwirira pansi asanagulitse ngakhale khadi limodzi kwa anthu a dera limenelo. Sankamanga mwachisawawa. Anayamba ndi mizinda, n'kutsata msewu wa M1 ndi misewu ina ikuluikulu, n'kufika m'maboma, kenaka m'misika ngati yathu, kumene kuli fodya, mtedza ndi anthu osonkhana tsiku la msika.

Nsanja itayaka, pa msika panabadwa ntchito zimene kale kunalibe. Mnyamata wina anaika tebulo pansi pa mtengo, foni imodzi ndi wotchi, n'kulemba chikwangwani cha byulo. Anthu ankaima pamzere, manambala atalemba pa kapepala kopindidwa bwino, ena pa chikuto cha buku la nyimbo. Wina anagula batire la galimoto n'kumatchajitsa mafoni, ndipo batire likafooka ankalikweza pa njinga kukalitchaja kumene kuli magetsi. Masola anabwera pambuyo. Wina anaphunzira kutsegula mafoni ogwera m'madzi. Byulo sinakhalitse, inaphedwa ndi kutsika mtengo kwa mafoni, koma mwini wake anali atagula kale malata.

Kampani sinatsegule sitolo m'mudzi uliwonse. Inagwiritsa ntchito manja athu. Makhadi ankachoka ku likulu kupita kwa madila akuluakulu, iwo n'kugulitsa kwa ang'onoang'ono, ife n'kukapikula kwa amenewo, ndipo pansi penipeni panali anyamata oyenda nawo m'manja m'madepoti ndi m'mphepete mwa msewu, ovala timalaya ta kampani, ena atakhala pansi pa ambulera. Aliyense ankadyapo pang'ono. Phindu la pa khadi limodzi linali lochepa moti ukaliwerengera palokha ukanaleka. Koma khadi linkabweretsa munthu pa kauntala, ndipo wodzera mayunitsi ankakumbukira kuti kunyumba kulibe machesi. Kampani inapeza ogulitsa masauzande amene sinkawalipira malipiro, sinkawalipirira lendi, ndiponso ankagula katunduyo ndi ndalama zawo asanamugulitse. Ifenso sitinkadandaula, chifukwa mayunitsi saola, salowa anankafumbwe, ndipo sakhala malo pa shelefu.

Za penti sindingaziiwale. Anafika anyamata pa galimoto ali ndi zitini ndi makwerero. "Madala," anatero mtsogoleri wawo, "tikupentereni golosale yonseyi ulere, bola tilembepo dzina lathu." Khoma langa linali lisanaone penti chimangireni. Ndani akanakana? Pofika madzulo linali lofiira ndi chikasu, lowala moti mayi a kunyumba anatuluka kudzaliona kuchokera kutsidya kwa msewu. Sipanapite nthawi, golosale ya mnzanga moyang'anana nane inasanduka yobiriwira, ya TNM. Munthu wosadziwa kuwerenga ankangoona mtundu wa khoma n'kudziwa kolowera. Zikwangwani za m'tauni amalipira ndalama zambiri, koma makoma a m'misika ya dziko lonse anawapeza ndi zitini za penti.

Chotsala chinali foni yeniyeniyo, pakuti layini popanda foni ndi kapulasitiki chabe. Tinayamba ndi ma Nokia 3310 ogula kwa obwera ku Joni, olimba moti ankagwa pa njinga n'kupitiriza kulira. Kenaka inabwera Nokia 1100 ya tochi, imene inachepetsa malonda anga a makandulo. Koma chimene chinatsegula chitseko kwa anthu wamba ndi timafoni totchipa ta ZTE, tija anthu anatitcha Mose wa Lero, togulitsidwa pamodzi ndi layini. Pa kafoni kameneko kampani sinkafunapo phindu lalikulu. Inkadziwa kuti phindu lili m'mayunitsi amene munthuyo adzagule chaka chino ndi chaka chamawa. Nthawi yogulitsira ankaidziwanso. Alimi akamabwera ku okushoni ku Kanengo, pa mndandanda wa njinga, wailesi ndi malata panawonjezeka foni. M'miyezi yokolola m'momwe munkabwera chilole cha zimkuzamawu, achinyamata akuvina pamwamba, akugawa malaya ndi zitenje, akulengeza mipikisano yopata galimoto. TNM inafika potcha mpikisano wake wina kuti Tikolore. Sindinaonepo wa pa msika pathu atapata galimoto, koma zitenje zinavalidwa mpaka kung'ambika.

Eni kampani ankasintha ife tili pomwepo. Mu 2005 kampani ya MTC ya ku Kuwait inagula Celtel, imene panthawiyo inali m'maiko 13, pa mtengo wa madola 3.4 biliyoni. Mo Ibrahim anatenga gawo la chuma chake n'kuyambitsa mphotho ya atsogoleri a mu Africa olamulira bwino ndi kutula pansi udindo mwaulemu, ndipo woyamba kuilandira mu 2007 anali Joaquim Chissano wa kwa anansi athu ku Mozambique. Dzina la Celtel linakhalapobe mpaka 2008, pamene linasinthidwa kukhala Zain. Mu 2010 kampani ya Bharti Airtel ya ku India, ya Sunil Bharti Mittal, inagula nthambi za Zain m'maiko 15 a mu Africa pa madola 10.7 biliyoni. Dzina likasintha, anyamata a penti ankabweranso, ndipo khoma langa linanenepa. Amayi achikulire sanavutike nazo. Zaka zambiri pambuyo pake ankafikabe pa kauntala n'kunena kuti, "Achimwene, ndipatseni a Celtel a fifite," ine n'kuwapatsa a Airtel, tonse n'kukhutira.

Pa zonse zimene anachita m'nyengo imeneyo, chimene mwana wa mlongo wanga amachitchulabe ndi One Network. Inayamba mu 2006 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo Malawi inalowamo mu 2007. Iye ankapita ku Dar es Salaam kukapikula nsalu ndi nsapato ku Kariakoo. Kale akangowoloka pa Songwe ankasowa, mpaka atagula layini ya kumeneko n'kutiuza nambala yatsopano. Tsopano nambala yake inali yomweyo, tikamuimbira ankalandira osalipira, ndipo mayunitsi akatha ankagula khadi la ku Tanzania n'kulowetsa. Makampani a ku Ulaya ankadya ndalama zambiri pa munthu wodutsa malire ndi foni. A Celtel anaona kuti malire athu anadula pakati pa mitundu ndi misika, ndipo munthu amene layini yake imagwira tsidya lino ndi tsidya lilo sangaisiye.

Amwenye a Airtel anabwera ndi nzeru ya kwawo, kumene anazolowera kugulitsa motchipa kwa anthu ochuluka zedi. Ku Kenya, mu 2010 momwemo, anadula mtengo woimbira ndi theka, ndipo makampani anzawo anakakamizika kutsatira. Kuno kutsika kwa mtengo tinakuonera kwambiri m'mabandulo, a Chezani oimbira ndi a PaNet a intaneti, a tsiku, a sabata, a mwezi. Ntchito zina zimene kampani inkadzigwirira yokha anazipereka kwa ena, monga za makompyuta zimene anapatsa IBM. Mu 2022 ngakhale nsanja za Airtel m'Malawi zinagulitsidwa kwa Helios Towers, iwo n'kumalipira lendi pa nsanja zomwezo. Kwa munthu wa msinkhu wanga, kugulitsa chimene unamanga wekha n'kumachilipirira lendi n'kovuta kukumeza. Koma iwo anawerengera kuti chuma chawo chili mwa anthu amene ali pa layini, osati m'zitsulo.

TNM sinagone. Telekom Malaysia itachoka mu 2007, kampaniyo inatsala m'manja mwa eni a konkuno, inalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange mu 2008, ndipo inadzigulitsa ngati mwana wa pakhomo. Inatenga ligi yaikulu ya mpira mu 2007, dzina lake n'kumatchulidwa pa wailesi Loweruka ndi Lamulungu lililonse. Airtel inadzayankha ndi chikho cha Top 8 mu 2017. Koma nkhondo yeniyeni inali pa mtengo woimbira. Kuimbira mnzako wa kampani yomweyo kunali kotchipa, kuwolokera kwa inayo kunali kowawa. Choncho mwana woyamba kugula foni m'banja ndiye ankasankhira mbumba yonse. Iye akakhala wa 09, ndiye kuti wa Airtel, amayi ake, azilongo ake ndi ankhoswe omwe ankatsatira komweko. Ife amalonda tinkayenda ndi mafoni awiri, thumba lililonse yake, mpaka a ku China anatipulumutsa ndi mafoni olowa malayini awiri.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimawachitira nsanje mpaka lero. Golosale iliyonse ili ndi kabuku ka ngongole, ndipo kanga kali ndi maina a anthu amene anasamuka, amene anaiwala, ndi amene tinawaperekeza kumanda ngongole ya shuga ili chilembedwere. Makampani a foni nawo anayamba kukongoza, Airtel ndi Kutapa, TNM ndi Pasavute. Mayunitsi akuthera pakati pa nkhani, ubwereka. Koma iwo sayenda khomo ndi khomo, sadikira fodya, sachita manyazi ndi mpongozi. Ukangolowetsa khadi lotsatira, amayamba adula zawo pamodzi ndi kachiwongoladzanja, iwe n'kutsala ndi zotsala. Amadziwanso amene amagula kawirikawiri, ndipo ameneyo ndiye amamukongoza zambiri. Ine zimenezi ndimazisunga m'mutu, iwo makina amawasungira za anthu mamiliyoni.

Za kutumiza ndalama pa foni, anthu anayamba okha kampani isanaganize. Mwana ali ku Lilongwe ankagula khadi, n'kupala, n'kutumiza manambala pa uthenga kwa amayi ake. Mayiwo ankabwera kwa ine, ine n'kutenga mayunitsiwo, n'kuwapatsa ndalama nditachotsapo pang'ono. Zinali bwino kuposa kale, pamene ndalama inkayenda mu envulopu ndi kondakitala wa basi kapena ndi mnansi wobwera ku maliro, ndipo nthawi zina inkafika itaonda. Banki inali kutali, ndipo mlimi wa nsapato zafumbi sankamasuka kulowamo. Ku Kenya, Safaricom inayambitsa M-Pesa mu 2007. Kuno Airtel Money inayamba mu 2012, TNM Mpamba mu 2013.

Poyamba anthu anakayika. Mayi wina wachikulire, mdzukulu wake atamuuza kuti ndalama yafika, anabwera n'kuika foni pa kauntala. "Achimwene," anatero, "akuti muli ndalama umu. Tatsegulani ndiione." Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali atangoyamba ntchito ya ejenti pa khonde la golosale, anawathandiza kulowetsa nambala yachinsinsi, n'kuwawerengera ndalama m'manja. Mayiwo anaziwerenganso okha, anazimanga pa chitenje, kenaka anaitembenuza foni ija n'kuiyang'ana kumbuyo. Mwezi wotsatira anabwera ndi anzawo awiri.

Apanso kampani inayenda pa miyendo ya ena. Ejenti amayamba waika ndalama zakezake kuti akhale ndi fuloti, ndalama ya m'foni imene amatumizira anthu, ndipo ayeneranso kukhala ndi ndalama ya m'manja yopatsa odzatapa. Zikapendekera mbali imodzi, malonda aima. Kampani sinamange nthambi ya banki, sinagule sefa, sinalembe mlonda. Inangopereka layini, kabuku kolembamo ndi komishoni. Chimene inapindula n'chachikulu kuposa kandalama kodula potumiza. Kale munthu ankagula layini chifukwa cha mpikisano, mpikisano ukatha n'kuitaya. Koma layini imene ikusunga ndalama zako, imene ana amatumizirapo thandizo, imene umalipirira fizi, magetsi ndi zopereka za ku banki m'khonde, suitaya. Ikasowa umaisaka ndi tochi.

Si zonse zinali zokoma, ndipo ukalamba sundiletsa kuziona. Ndalama ya ndiwo yambiri inathera m'mayunitsi, ndipo ndinkaidziwa chifukwa inkadutsa m'manja mwanga. Mabanja ena anagwedezeka ndi mauthenga opezeka m'foni usiku. Akuba nawo anaphunzira msanga, ndipo palibe mwini foni amene sanalandirepo kauthenga koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Ngakhale pamene bungwe la MACRA linalamula mu 2018 kuti layini iliyonse ilembetsedwe ndi chiphaso, anthu amenewa sanathe. Wogula pang'onopang'ono amalipirabe zambiri kuposa wogula bandulo ya mwezi, ndipo achinyamata amene anadandaula mu 2020 kuti intaneti yakwera mtengo anali ndi mfundo. Phindu lalikulu limapita kwa eni masheya, ochuluka a iwo ali kunja. Airtel Malawi inagulitsako gawo la masheya ake kwa anthu pa Malawi Stock Exchange mu 2020, koma pa msika pathu nkhaniyo inangomveka pa wailesi n'kudutsa. Komabe ndikakumbukira mayi woyembekezera amene anapulumuka chifukwa mwamuna wake anaimbira woyendetsa galimoto pakati pa usiku, kapena mlimi amene anayamba kufunsa mtengo wa soya ku Mponela asanalole wa sikelo kumudyera masuku pamutu, mtima wanga sukhala ndi mlandu pa makhadi amene ndinagulitsa.

Makhadiwo masiku ano akusowa. Anthu amagula mayunitsi ndi mabandulo kuchokera m'ndalama ya m'foni, ali chigonere pa mphasa, ndipo kampani imakondwa chifukwa sisindikizanso mapepala ochuluka kapena kugawana phindu ndi mzere wonse wa ogulitsa. Ife amene tinainyamula pamsana kuifikitsa kumidzi, inatidutsa mwaulemu, monga amachitira malonda. Anyamata a maambulera anabalalika. Ena ndi ma ejenti, ena anagula njinga zamoto n'kuyamba kabaza, ndipo makasitomala amawaitana pa foni. Ine ndinabwerera ku sopo ndi mchere. Khonde ndinasiyira mwana wanga, amene pa tsiku amaona anthu ambiri kuposa ine. Tsiku la msika, odzatapa akachuluka, ndalama ya m'manja imamuthera dzuwa lili pamutu, ndipo amalowa mkati. "Bambo, ndibwerekeniko ya m'kabatimo, ndibweza madzulo." Ndimamulemba m'kabuku kaja ngati wina aliyense, ndipo mwa onse olembedwamo ndi iye yekha amene amabweza tsiku lomwelo.